Matenda ndi Ntchito Yoyendetsa Ndege: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amachokera kwa achinyamata ofuna kuphunzira kuyendetsa ndege, kwa oyendetsa ndege amene angouzidwa kumene kuti ali ndi matenda enaake, komanso kwa okwera ndege amene amafuna kudziwa ngati munthu wakhala kutsogolo uja ali bwinobwino. Malamulo amasiyanako dziko ndi dziko. Ziwerengero zambiri zimene tatchula ndi za mabungwe atatu: ICAO la dziko lonse, FAA la ku America ndi EASA la ku Ulaya. Mawu omaliza pa nkhani yanu ndi a dokotala wovomerezedwa ndi bungwe limene linakupatsani laisensi.

Kodi chiphaso cha zaumoyo n'chiyani, ndipo amapereka ndani?

Laisensi yoyendetsera ndege payokha sikwanira. Imagwira ntchito pokhapokha mwiniwake ali ndi chiphaso chosonyeza kuti anapimidwa ndipo thupi ndi maganizo ake zili bwino. Chiphasochi sapereka dokotala wamba. Amapereka dokotala amene anaphunzira za mmene thupi limachitira likakhala m'mwamba, ndipo anasankhidwa ndi bungwe loona za ndege m'dzikolo.

Maziko a malamulowa amaikidwa ndi ICAO, bungwe la United Nations limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, lomwe linabadwa kuchokera ku pangano la ku Chicago la mu 1944. ICAO imagawa ziphaso m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la oyendetsa ndege zamalonda, lachiwiri ndi la ouluka mwa kufuna kwawo osalandira malipiro, ndipo lachitatu ndi la amene amatsogolera ndege ali pansi. Dziko lililonse limatenga mazikowa n'kulemba malamulo akeake, motero matenda amene dziko lina lawalola, lina likhoza kukhala likuwakanabe.

Chimatha pakapita nthawi yaitali bwanji?

Zimatengera zaka zanu ndi mtundu wa ntchito. Ku America, woyendetsa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu amapimidwa pakatha miyezi 12 ngati sanakwane zaka 40, ndipo akakwanitsa zaka 40 amapimidwa miyezi 6 iliyonse. Ku Ulaya chiphaso cha gulu loyamba chimatha pakapita miyezi 12, koma nthawiyo imatsika kufika miyezi 6 munthu akakwana zaka 60, kapena akakwana zaka 40 pomwe amanyamula anthu akuyendetsa yekha. Ouluka mwa kufuna kwawo amene sanakwane zaka 40 amatha zaka 5 asanapitenso.

Malire a zaka alipo. Pa maulendo a pakati pa mayiko, m'ndege ya oyendetsa awiri, ICAO imalola mpaka zaka 65. Ku America malirewa anali zaka 60 mpaka mu 2007.

Ndiye kuti amafuna munthu wopanda matenda alionse?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amachita mantha osafunikira. Munthu wopanda kanthu m'thupi mwake ndi wosowa, makamaka akapitirira zaka 45. Dokotala wa za ndege amafuna mayankho a mafunso awiri. Loyamba: kodi matendawa angamugwire munthuyu mwadzidzidzi, monga kukomoka, kugwa khunyu kapena ululu wopinda msana, mpaka kusiya ziwongolero? Lachiwiri: kodi angamufooketse mwakachetechete, n'kumaganiza mochedwa kapena kuona molakwika iye osadziwa? Lachiwirili ndi loopsa kwambiri, chifukwa munthu wokomoka amaoneka ndipo mnzake amalanda ziwongolero msanga, pomwe wosokonezeka pang'ono amapitiriza kuyendetsa onse akuganiza kuti zili bwino.

Madokotala ambiri amatsata muyezo wa 1 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti pa anthu 100 okhala ndi matenda ofanana ndi anuwo, amene angagwidwe mwadzidzidzi m'chaka chathunthu asapitirire mmodzi. Muyezowu unapangidwira ndege za oyendetsa awiri. Chaka chili ndi maola 8,760, ndipo mphindi zoopsa zenizeni pa ulendo ndi zochepa, ponyamuka ndi potera. Kuti vuto likugwereni pa mphindi zimenezo, n'kupezekanso kuti mnzanu walephera kulanda ziwongolero, ndi mwayi wochepetsetsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri odwala amabwerera pantchito ndi chiphaso cholembedwa kuti aziuluka ndi woyendetsa mnzawo basi. Ku Ulaya malire amenewa amalembedwa ndi zilembo za OML. Muwaona akubwerabwera m'mayankho ali kutsogoloku.

Ndimavala magalasi a maso. Zanga zada?

Sizinade. Oyendetsa ndege ovala magalasi ndi ambirimbiri. Chofunika ndi mmene mumaonera mutawavala. Pa gulu loyamba ICAO imafuna kuti diso lililonse palokha lione pa mlingo wa 6/9 ndipo onse awiri pamodzi afike 6/6, womwe ndi mlingo wa maso oona bwinobwino. FAA imafuna 20/20, womwe ndi wofanana ndi 6/6, pa diso lililonse. Chiphaso chimalembedwa kuti muzivala magalasiwo pouluka, ndipo mayiko ambiri amalamula kuti mukhale ndi ena apadera pafupi, kuchitira kuti oyambawo akhoza kugwa kapena kusweka. Opaleshoni yokonza maso ndi kuwala kwa laser imaloledwa, bola maso apole, maonedwe akhazikike, ndipo musamathobwe ndi nyali usiku.

Nanga amene sasiyanitsa bwino mitundu?

Vutoli munthu amabadwa nalo, limagwira amuna kwambiri kuposa akazi, ndipo ambiri amalidziwa koyamba ali m'chipinda cha dokotala wa za ndege. Mitundu si yokongoletsa pa ntchito imeneyi. M'mbali mwa msewu woterapo ndege mumakhala nyali 4 zoyalidwa mzere umodzi. Woyendetsa akaona ziwiri zoyera ndi ziwiri zofiira, ndiye kuti akutsika bwino. Zikafiira zonse, watsika kwambiri ndipo akhoza kugunda pansi asanafike pamsewuwo. Wailesi ikafa, a pansanja yotsogolera ndege amalankhula naye ndi nyali yobiriwira, yofiira kapena yoyera.

Kupima kumayamba ndi kabuku ka Ishihara, kokhala ndi manambala obisika m'timadontho tamitundumitundu. Kulephera kabukuka si mapeto, chifukwa pali kupima kwina kwa pakompyuta kumene kumayeza kukula kwa vutolo, ndipo ena a vuto laling'ono amapambana. Amene alephera konse amatha kupatsidwa chiphaso cha gulu lachiwiri chowalola kuuluka masana okha, koma ntchito ya ndege zonyamula anthu imakhala yovuta kuipeza.

Makutu amawapima bwanji?

Ndi makina otulutsa timaphokoso tosiyanasiyana, ndipo nthawi zina dokotala amaima kumbuyo kwanu pa mtunda wa mamita 2 n'kumalankhula mwachizolowezi. Amene makutu ayamba kugontha amatha kuyesedwa ngati akumva bwino mawu a pawailesi pakati pa phokoso la ndege, ndipo ambiri amapitiriza ntchito.

Andipeza ndi BP. Ndingaulukebe?

Mwa matenda onse amene oyendetsa ndege amapezeka nawo, kuthamanga kwa magazi ndi amodzi mwa ofala kwambiri, komanso osavuta kuwakonza. FAA imalola mpaka 155/95 pa tsiku lopimidwa, EASA mpaka 160/95. Awa ndi malire a chiphaso chabe. Si mlingo wabwino wa thanzi, ndipo munthu amene BP yake imangokhalira pafupi ndi pamenepo akufunika chithandizo ngakhale atapambana.

Mankhwala ambiri amasiku ano amaloledwa, monga amlodipine, lisinopril, losartan ndi okodzetsa aja. Ena akale amene amagwira ntchito kudzera mu ubongo, monga methyldopa ndi reserpine, saloledwa chifukwa amabweretsa tulo ndi ulesi. Mukayamba mankhwala atsopano mumakhala kaye pansi, sabata imodzi ku America ndi masabata awiri ku Britain, kuti aone ngati sakukupatsani chizungulire.

Pali ena amene BP imakwera akangoona dokotala, makamaka podziwa kuti ntchito yawo ili m'manja mwa dokotalayo. Zimenezi madokotala amazidziwa. Amatha kukuyezani masiku angapo kapena kukuvekani kamakina koyeza maola 24. Chimene sitingavomereze ndi kumwa mankhwala a munthu wina m'mawa wa tsiku lopimidwa kuti manambala aoneke bwino. BP yosasamalidwa ndi imene imadzabala sitiroko ndi matenda a mtima, ndipo amenewo ndi amene amathetsadi ntchito.

Munthu amene anadwalapo mtima angabwererenso pantchito?

Ambiri amabwerera, koma njira yake ndi yaitali. Nkhani ya mtima amaiona mozama chifukwa cha zimene zinachitikapo. Pa 18 June 1972, ndege ya mtundu wa Trident ya kampani ya British European Airways inagwa pafupi ndi Staines itangonyamuka kumene pa Heathrow, ndipo anthu onse 118 anafa. Zifukwa zinali zingapo, koma atapima thupi la kaputeni anapeza kuti mitsempha ya mtima wake inali yotsekeka kwambiri, ndipo ofufuza anaona kuti ululu uyenera kuti unamusokoneza pa nthawi yofunika kwambiri.

Lero munthu amene mtsempha wa mtima unatsekeka, kapena anaikidwa kachubu kotsegula mtsempha, kapena anachitidwa opaleshoni yolambalala mtsempha wotsekekawo, amadikira kaye. Ku Ulaya ndi miyezi yosachepera 6. Kenako amathamangitsidwa pamakina akumujambula mtima, amaunikidwa mphamvu ya kapopedwe ka magazi, ndipo amaona ngati anasiya fodya komanso ngati mafuta a m'magazi atsika. Zikakhala bwino amapatsidwa chiphaso cha oyendetsa awiri chimene tafotokoza m'funso lachitatu, n'kumapimidwa chaka ndi chaka. Mtima wogunda mosalongosoka nawo umaunikidwa paokha, ndipo ena amauluka akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Ku America kujambula kagundidwe ka mtima kumayamba pa zaka 35 kwa a gulu loyamba, ndipo kuyambira zaka 40 kumachitika chaka chilichonse.

Matenda a shuga?

Apa zinthu zasintha kwambiri m'zaka zapitazi. Amene shuga wawo amatsika ndi kadyedwe kabwino kapena ndi metformin savutika kupeza chiphaso, bola maso, impso, mitsempha ndi mtima zikhale zisanawonongeke. Mantha enieni a madokotala si shuga wokwera koma wotsika kwambiri. Munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuyankha zosagwirizana, kenako kukomoka. Choncho mankhwala amene amatha kugwetsa shuga, monga glibenclamide, amabwera ndi malire okhwima, ndipo kwa zaka zambiri wobaya insulin ankangouzidwa kuti ntchito yatha.

Canada inali m'gulu la mayiko oyamba kulola obaya insulin kuyendetsa ndege zamalonda. Britain inayamba mu 2012, Ireland ndi Austria zinatsatira, ndipo FAA inatsegula khomo la gulu loyamba ndi lachiwiri kumapeto kwa 2019, kwa ovala kachipangizo koyeza shuga usana ndi usiku. Ndondomeko ya ku Britain imaonetsa kulemera kwa udindowu. Woyendetsa amayeza shuga asanafike pantchito, amayezanso patatsala mphindi zosakwana 30 kuti anyamuke, kenako ola lililonse ali m'mwamba, ndiponso patatsala mphindi 30 kuti atere. Mlingo wabwino ndi pakati pa 5 ndi 15 mmol/L. Ukatsika kupitirira 4 kapena kukwera kupitirira 20, amapereka ziwongolero kwa mnzake nthawi yomweyo. Mayiko ambiri sanafikebe pololeza zimenezi, choncho wobaya insulin afunse kaye bungwe la dziko limene akufuna kutengako laisensi.

Mphumu imalepheretsa?

Ngati ndi yosavuta ndipo imagonja ndi mankhwala opopera m'kamwa, nthawi zambiri silepheretsa. Amayeza mphamvu ya mapapo ndi kufunsa ngati munagonekedwapo m'chipatala posachedwapa. Amene imawagwira pafupipafupi, kapena amadalira mapiritsi a prednisolone, amaimitsidwa mpaka itakhazikika. Kopopera kaja muziyenda nako m'ndege.

N'chifukwa chiyani chimfine wamba chimaletsa munthu kuuluka?

Ndege zikuluzikulu zikakhala m'mwamba, mpweya wa mkati mwake umafanana ndi wa paphiri lotalika mpaka mamita 2,400. Mpweya umene uli m'khutu ndi m'timphako ta m'mafupa a nkhope umafufuma pokwera n'kunyala potsika. Kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi kakatupa ndi chimfine, mpweya umatuluka pokwera koma umakanika kubwerera potsika. Ululu wake umabaya m'khutu kapena pamwamba pa diso mpaka misozi, nthawi zina kachikopa ka m'khutu kamang'ambika, ndipo chizungulire chimatha kubwera pa nthawi imene ndege ikuyandikira pansi. Woyendetsa amene waimba foni kuti sabwera chifukwa cha chimfine sakuchita ulesi.

Kusintha kwa mpweya komweku ndi kumene kumachititsa kuti munthu adikire maola 12 mpaka 24 asanauluke akasambira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya, komanso kuti dzino lobowoka liyambe kupweteka m'mwamba.

Mankhwala ogula popanda kalata ya dokotala ali ndi vuto?

Ena ali nalo lalikulu. Oopsa kwambiri ndi a chimfine ndi ziwengo amene amagonetsa, monga chlorpheniramine, amene ambiri amawadziwa kuti Piriton, ndi diphenhydramine, amene amapezekanso m'mankhwala ena a chifuwa ndi a tulo. Amachedwetsa maganizo ngakhale munthu akudzimva kuti ali maso. FAA imati womwa diphenhydramine adikire maola 60. Loratadine ndi fexofenadine amaloledwa munthu akawayesa kaye ali pansi. Opha ululu amphamvu monga codeine ndi tramadol sayenderana ndi kuuluka.

Langizo limene ambiri amatsata n'lakuti muchulukitse kasanu nthawi ya pakati pa kumwa ndi kumwanso. Mankhwala omwa maola 8 alionse, dikirani maola 40. Koma funso loyamba likhale la matenda amene akukumwetsani mankhwalawo, chifukwa nthawi zambiri iwowo ndi okwanira kukukhazikani pansi. Mukabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi, monga pochotsa dzino, EASA imati maola 12. Mukagonekedwa tulo ta opaleshoni, osachepera maola 48.

Khunyu, kukomoka ndi mutu waching'alang'ala?

Khunyu ndi limodzi mwa matenda ochepa amene khomo lake ndi lotsekeka ndithu, chifukwa limagwira mosachenjeza, ndipo thupi likauma limatha kukankha ziwongolero. Amene amaganiziridwa ndi okhawo amene atha zaka zambiri, kawirikawiri 10, osagwa, ndipo anasiya kale mankhwala. Kugwa kwa ali wakhanda chifukwa cha kutentha thupi sikuwerengedwa ngati khunyu.

Kukomoka kamodzi pa chifukwa chodziwika, monga kuona magazi kapena kuima nthawi yaitali padzuwa, kumakhululukidwa akafufuza. Kukomoka kosadziwika chifukwa chake ndi kumene kumamukhazika munthu pansi nthawi yaitali. Mutu waching'alang'ala amauona malinga ndi kabweredwe kake: ngati umabwera patalipatali, umachenjeza, ndipo susokoneza maso, munthu amatha kuloledwa.

Ndikakaonana ndi dokotala chifukwa cha nkhawa kapena kuvutika maganizo, sindilandidwa chiphaso?

Funso ili ndi limene limafunsidwa motsitsa mawu, ndipo tikufuna kuliyankha mosabisa. Inde, mwina mudzaimitsidwa kwa kanthawi. Koma kuimitsidwa si kuchotsedwa. Australia inayamba kulola oyendetsa ndege kumwa mankhwala a matendawa m'zaka za m'ma 1980. FAA inatsegula njira mu 2010 ndi mankhwala 4, omwe ndi fluoxetine, sertraline, citalopram ndi escitalopram, ndipo yawonjezerapo ena m'zaka zaposachedwa. Chofunika n'chakuti munthu akhazikike pa mlingo umodzi kwa miyezi ingapo, aunikidwe ndi katswiri, ndipo azionedwa pafupipafupi. Kukambirana ndi mlangizi pa za banja, maliro kapena ngongole nthawi zambiri sikukhudza n'komwe chiphaso. Matenda amene amakanidwa ndi amene amasokoneza munthu kuzindikira zenizeni, ndi aja osinthasintha pakati pa kusangalala kopitirira ndi kukhumudwa kwambiri.

Aliyense amakumbukira ndege ya Germanwings imene inawombedwa dala paphiri ku France pa 24 March 2015, ikuchokera ku Barcelona kupita ku Düsseldorf, n'kupha anthu onse 150. Wothandizira kaputeni anali kudwala maganizo kwambiri, madokotala anali atamulembera makalata oti asagwire ntchito, koma iye sanawapereke kwa omulemba ntchito. Ena anaganiza kuti yankho ndi kuchotsa aliyense amene anadwalapo maganizo. Ife tikuona kuti kutero kungangochulukitsa obisa. Ulaya inasankha njira ina: kuunika maganizo a woyendetsa asanayambe ntchito, ndiponso kulamula makampani kukhala ndi dongosolo loti woyendetsa wovutika alankhule mwachinsinsi ndi woyendetsa mnzake wophunzitsidwa. Woyendetsa amene akulandira chithandizo ndipo akuyang'aniridwa ndi wodalirika kuposa amene akulimbana nazo yekha, osagona usiku, n'kumamwetulira pantchito.

Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV angayendetse ndege?

Angathe, m'mayiko ambiri. Malamulo a ICAO amalola ngati munthuyo waunikidwa ndipo palibe chimene chingasokoneze ntchito yake. Amaona kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, chitetezo cha m'thupi, ndi mmene ubongo ukugwirira ntchito. Mtundu wa ma ARV ndi wofunika: efavirenz sakondedwa chifukwa amatha kubweretsa chizungulire ndi maloto osokoneza, choncho dokotala amatha kusintha mankhwala. Britain inayamba kupereka chiphaso cha gulu loyamba kwa ongoyamba kumene ntchito amene ali ndi kachilomboka mu 2018, ndipo mu 2022 inalola kuti amene ali bwino apatsidwe chiphaso chopanda malire.

Nanga malungo?

Wodwala malungo sauluka mpaka atachira, atamaliza mankhwala, ndipo magazi atabwerera m'malo. Oyendetsa ndege opita kumadera a malungo amapewa mefloquine chifukwa amatha kusokoneza maganizo ndi tulo. Doxycycline, kapena atovaquone wophatikiza ndi proguanil, ndi amene amagwiritsidwa ntchito, atayesedwa kaye pansi.

Malamulo a mowa ndi otani?

Ku America payenera kudutsa maola 8 kuchokera pamene munthu wamwa, ndipo mowa m'magazi usafike 0.04 peresenti. Ku Ulaya malire ndi 0.02 peresenti. Makampani ambiri amaika maola ochulukirapo. Matsire nawo ndi oletsedwa, chifukwa mowa ukhoza kutha m'magazi mutu udakali wolemera.

Uchidakwa umatengedwa ngati matenda. Ku America kuli dongosolo lotchedwa HIMS, limene linayamba m'zaka za m'ma 1970, momwe kampani, bungwe la oyendetsa ndege ndi madokotala amagwirira limodzi ntchito. Munthu amalandira chithandizo, amasiyiratu mowa, amayezedwa mosayembekezera kwa zaka zingapo, ndipo ambiri abwerera pantchito kudzera m'njira imeneyi.

Dokotala wandifunsa ngati ndimaliza mkonono. Zikukhudzana bwanji?

Akufufuza matenda obanika kutulo. Munthu amasiya kupuma kambirimbiri usiku osadziwa, n'kudzuka wotopa ngati sanagone. Amagwira kwambiri onenepa ndi a khosi lalikulu. Mu February 2008, oyendetsa onse awiri a ndege ina ya ku Hawaii anagona ali m'mwamba n'kupitirira bwalo la Hilo, ndipo pambuyo pake kaputeni anapezeka ndi matendawa. Chithandizo chake ndi makina a CPAP, opopera mpweya m'mphuno usiku. Makinawa amasunga okha maola amene agwira ntchito, ndipo dokotala amawerenga zimenezo popereka chiphaso. Kunenepa pakokha sikulepheretsa, koma kumakoka BP, shuga ndi kubanika kumeneku.

Mayi woyembekezera amasiya liti kuuluka?

Auze dokotala wa za ndege akangodziwa. Ku Ulaya, ngati pathupi pali bwino, amaloledwa mpaka kumapeto kwa sabata ya 26, akuuluka ndi woyendetsa mnzake. Akachira amapimidwanso asanabwerere.

Kodi chimene chimagwetsa oyendetsa ndege kawirikawiri ali m'mwamba n'chiyani?

Anthu amaganiza za mtima, koma chofala kwambiri ndi m'mimba: kutsegula, kusanza ndi kupotokola chifukwa cha chakudya choipa. N'chifukwa chake makampani ambiri amafuna kuti kaputeni ndi mnzake asadye chakudya chofanana. Timiyala ta mu impso timaopedwanso, popeza ululu wake umabwera mosagogoda ndipo munthu sangakhale pampando. Amene wapezeka nato amadikira mpaka titatuluka kapena kuchotsedwa, kapena dokotala atatsimikiza kuti tili pamalo poti sitingasunthe. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, ndipo oyendetsa ena amadzimana madzi popewa kudzukadzuka pampando, zimene zimathandiza timiyalati kupangika.

Bwanji ndikangokhala chete? Angadziwe bwanji?

Dokotala amakuonani kwa ola limodzi kapena awiri pachaka. Masiku ena onsewo woweruza ndinu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo lamulo limanena zomwezo: musauluke mukadziwa kuti thanzi lanu latsika, ndipo funsani dokotala wa za ndege mukagonekedwa m'chipatala, mukachitidwa opaleshoni, mukavulala kwambiri kapena mukayamba mankhwala omwa nthawi zonse.

Mantha ake ndi omveka. Maphunziro a ntchitoyi ndi odula, ambiri amalowa nayo m'ngongole, ndipo banja lonse limadalira kapepala kamodzi. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti oposa theka la oyendetsa ndege a ku America amene anafunsidwa anavomera kuti anazembapo chipatala kapena kubisa zina poopa kutaya chiphaso. Koma kubisa kumaipitsa zinthu mbali zonse. Matenda amene akanagonja msanga amakula. Bodza pa fomu ndi mlandu, ndipo ku America chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende ndi chindapusa cha madola 250,000. Ngozi ikachitika, mabuku a kuchipatala amatsegulidwa ndipo inshuwalansi ikhoza kukana kulipira. Bungwe limene likanakupatsani chiphaso chokhala ndi malire chifukwa cha BP kapena shuga silikhululuka msanga likapeza kuti munanama.

Akandikana, ndipange chiyani?

Choyamba funsani ngati mwakanidwa kapena nkhani yanu yangotumizidwa kwa madokotala aakulu a bungwe, chifukwa nthawi zambiri chimachitika n'chachiwirichi. ICAO ili ndi ndime yolola kuti munthu amene sanakwanitse muyezo wina apatsidwebe chiphaso, akatswiri akaona kuti luso lake ndi malire oyenera zikuteteza ulendo. Ku America izi zimatchedwa chilolezo chapadera. Kumeneko kuli oyendetsa ndege a diso limodzi ndi ena a mwendo woikirira amene anachita kuonetsa luso lawo ali m'ndege pamaso pa woyesa.

Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi mapepala osakwanira. Pitani ndi kalata ya katswiri amene akukuthandizani, yonena dzina la matenda, mankhwala ndi mlingo wake, zotsatira za kuyeza kwaposachedwa, ndi mmene akuonera za kutsogolo. Ngati dokotala wanu sadziwa zimene a ndege amafuna, pemphani dokotala wa za ndege akulembereni mndandanda musanapite.

Ndikufuna kuyamba sukulu yoyendetsa ndege. Ndipimitse liti?

Musanalipire kalikonse. Ngati cholinga chanu ndi ntchito, pimitsani gulu loyamba, ngakhale sukulu itanena kuti lachiwiri likukwanira poyambira. Kupimidwa koyamba ndi kozama kuposa kwina konse: maso, mitundu, makutu, mtima, mapapo, magazi ndi mkodzo, kuphatikizapo mbiri ya matenda anu ndi a m'banja mwanu. Ngati munadwalapo mphumu muli mwana, munavulalapo m'mutu, munakomokapo kapena munamwapo mankhwala a maganizo, sonkhanitsani makalata a kuchipatala musanapite, ndipo pimitsani kwa dokotala wovomerezedwa ndi dziko limene lidzakupatseni laisensi.